Chikondi chofunsidwa umboni: kumene sewero la The P Word linachokera

Kumadzulo kwa mzinda wa London, kudera la Shepherd's Bush, kuli nyumba yaing'ono ya zisudzo yotchedwa Bush Theatre. Inayamba mu 1972 m'kachipinda ka pamwamba pa bala, ndipo mu 2011 inasamukira m'nyumba yomwe kale inali laibulale pamsewu wa Uxbridge Road. Mu Sepitembala 2022 m'menemo munaonetsedwa sewero la anthu awiri okha, The P Word, lolembedwa ndi Waleed Akhtar, yemwenso anasewera mmodzi wa awiriwo. Mnzake pabwalo anali Esh Alladi, ndipo wotsogolera anali Anthony Simpson-Pike. Chaka chotsatira seweroli linalandira mphoto ya Olivier, yomwe ku Britain ndiye chikho cha anthu a zisudzo.

Nkhani yake ndi yaifupi. Zafar wathawa ku Pakistan bambo ake atachititsa kuti mwamuna amene ankakondana naye aphedwe, ndipo ali ku London kudikira kuti boma limulole kukhala ngati wothawa kwawo. Bilal anabadwira ku Britain komweko, makolo ake ndi a ku Pakistan, koma safuna n'komwe dzina lakelo; amati muzinditchula Billy. Ankamuseka kusukulu, ndiye anakula akudzichotsa fungo lililonse la kwawo, n'kumafunafuna azungu pa Grindr, pulogalamu ya pafoni yomwe amuna amapezerapo zibwenzi zachimuna. Kwa nthawi yaitali awiriwa sakumana. Aliyense amalankhula payekha ndi oonera, mpaka njira zawo zidzapingasane. Chilembo P chomwe chili pamutupo chikuimira liwu lachipongwe limene azungu ena amatukwanira anthu a ku Pakistan, ndiponso aliyense amene ife kuno timangomuti mmwenye.

Amene sadziwa za kumbuyoku angaliyese sewero la chikondi basi, la awiri okumana, kukangana, kenako n'kugwirizana. Koma Zafar ndi Billy aliyense ali ndi mbiri yake yomwe inayamba iye asanabadwe, ndipo mbiri ziwirizo zinachokera dzanja limodzi.

Ya Zafar ikuyambira ku India wa atsamunda. Mngelezi Thomas Macaulay ndi anzake analemba buku la malamulo a milandu lomwe linavomerezedwa mu 1860, ndipo ndime 377 ya bukulo inkalanga kugonana komwe ankati n'kosemphana ndi chilengedwe. Pakistan itabadwa mu 1947 inatengera bukulo monga linalili. Eni akewo, a ku Britain, anasintha maganizo mu 1967, pomwe England ndi Wales analeka kumanga amuna akuluakulu ogonana mogwirizana kuseri. India inadikira mpaka pa 6 Sepitembala 2018 kuti khoti lake lalikulu lithyole mano a ndimeyo. Ku Pakistan ikadalipo. Mu Epulo 2018 Theresa May, ali nduna yaikulu, anauza atsogoleri a mayiko a Commonwealth kuti akumva chisoni ndi malamulo oterewa amene dziko lake linafesa. Chisoni n'chabwino, koma amene anafesa mungu uja ndi yemweyo amene lero amakhala pakhomo kufunsa wothawa kuti n'chifukwa chiyani wabwera.

Sikuti lamulo ndi lokhalo lomwe limathamangitsa munthu ngati Zafar. M'seweroli woopsa si wapolisi, ndi bambo ake omubereka. Nkhani ndi ya ulemu wa banja, ya zomwe abale ndi a kumzikiti adzanena, ya mwana wamwamuna yemwe ayenera kubweretsa mkazi ndi zidzukulu. Lamulo limangochititsa kuti wovulazidwayo asakhale ndi kothawira, chifukwa akapita kupolisi ndiye kuti wadzipereka yekha.

Mbiri ya Billy ndi ya ntchito. Nkhondo yachiwiri itatha, mafakitale a nsalu ndi zitsulo a ku Bradford, Birmingham ndi Manchester ankasowa manja, makamaka ogwira usiku. Amuna a ku Pakistan anadzaza malowo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ambiri ochokera kudera la Mirpur, komwe damu la Mangla linamiza midzi. Lamulo la 1962 litayamba kutseka chitseko, ambiri anaitanitsa akazi ndi ana. Kenako kunabwera amwenye a ku East Africa, makamaka omwe Idi Amin anawapirikitsa ku Uganda mu 1972. Athu ena omwe a Kamuzu anawachotsa m'masitolo a kumidzi m'zaka zomwezo anakathera ku Leicester, n'chifukwa chake mpaka lero ungakumane ndi gogo wachimwenye kumeneko akukupatsa moni m'Chichewa. Amene anawalandira sanali onse aulemu. Magulu a anyamata ometa mpala ankasaka amwenye m'misewu n'kumawamenya ngati masewera, ndipo liwu la P lija ndilo linali mfuwu wawo.

Zisudzo za amwenye a ku Britain zinabadwira m'magazi amenewo. Mu Juni 1976 mnyamata wa zaka 18, Gurdip Singh Chaggar, anabayidwa ku Southall, ndipo chaka chotsatira Jatinder Verma ndi anzake anayambitsa gulu la Tara Arts. Mu 1989 Sudha Bhuchar ndi Kristine Landon-Smith anayambitsa lina, Tamasha. Cha mbali ina, zisudzo zonena za amuna okondana okhaokha zinali zitangomasuka kumene: mpaka 1968 sewero lililonse linkayenera kudutsa kwa mkulu wa kunyumba yachifumu, Lord Chamberlain, yemwe kwa zaka zambiri sankalola n'komwe mutuwu. Gulu la Gay Sweatshop linayamba mu 1975. Vuto linali loti mitsinje iwiriyi inkayenda payokhapayokha. Kwa amwenye nkhani inali tsankho la khungu, ndipo kutulutsa zinsinsi za m'nyumba pamaso pa azungu kunkaoneka ngati kupatsa mdani mpeni. Kwa a zisudzo za amuna okondana okhaokha, pabwalo pankadzaza azungu. Munthu wokhala zonse ziwiri analibe mpando.

Amene anayamba kuboola linga ndi Hanif Kureishi, ndi filimu ya 1985 ya My Beautiful Laundrette, momwe mnyamata wa banja la ku Pakistan akondana ndi mzungu yemwe kale ankayenda ndi magulu atsankho aja. Anthu ena a ku Pakistan anakwiya nayo, mpaka ku New York kunachitika zionetsero. East is East ya Ayub Khan-Din, yomwe a Tamasha anaionetsa mu 1996, itasanduka filimu mu 1999 inali ndi mwana wachisamba akuthawa pa ukwati womukonzera makolo, kenako n'kupezeka akukhala ndi mwamuna. Koma mu zonsezi mwanayo amapulumuka pothawa kwawo n'kulowa m'dziko la azungu. Chikhalidwe ndi ndende, mzungu ndi khomo. Pamenepa ndi pomwe Akhtar anatembenuza mphika. M'sewero lake, wobadwira ku London ndiye wodwala mtima, wodzida, ndipo wochokera ku Pakistan uja, yemwe kwawo kunamulavula, ndiye amene akukondabe chinenero, nyimbo, zakudya ndi masewero a pa TV a kwawo, n'kumaphunzitsa Billy kuzikonda. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe pali mtima wa seweroli, kuposa pa chikondi cha awiriwo. Munthu angathamangitsidwe ndi abale ake koma osasudzula kwawo.

Tsopano za umboni, zomwe ndi mbali yolemera kwambiri ya mbiriyi. Pangano la 1951 la othawa kwawo silitchula za amene munthu amakonda. Limatchula mtundu, chipembedzo, dziko, ndale, ndi kukhala wa gulu lina lake la anthu. Ku Britain khomo linatseguka mu 1999 pa mlandu wa Islam ndi Shah, amayi awiri a ku Pakistan omwe ankathawa nkhanza za amuna awo. M'chigamulocho majaji anaonetsa kuti amuna kapena akazi okondana okhaokha nawonso angawerengedwe ngati gulu lotere. Koma akuluakulu a zolowa ndi kutuluka anapeza njira ina yobwezera anthu. Ankati bwerera kwanu, ukangobisa khalidwe lako palibe adzakuvute. Izi zinatha pa 7 Julayi 2010, pomwe khoti lalikulu la Britain linagamula mlandu wa amuna awiri odziwika ndi zilembo zokha, HJ wa ku Iran ndi HT wa ku Cameroon. HT anamenyedwa ndi gulu la anthu ataonedwa akupsompsonana ndi mnzake. Khotilo linati simungauze munthu kuti akakhale moyo wake wonse akudzibisa kuti asaphedwe. Mmodzi wa majajiwo, Lord Rodger, pofuna kupereka chitsanzo, anati monga amuna ena ali ndi ufulu wosewera rugby ndi kumwa mowa, awanso akhale ndi ufulu wopita kukamvera woimba Kylie Minogue ndi kumwa zakumwa za mitundu yowala. Ankanena ndi mtima wabwino, koma taonani chithunzi chomwe chinali m'mutu mwake. Mlimi wa ku Punjab ku Pakistan kapena mayi wa ku Kano ku Nigeria safanana nacho ngakhale pang'ono.

Khomo la "kabise" litatsekedwa, linatseguka la "sitikukhulupirira". Wopempha chitetezo tsopano anayenera kutsimikiza kuti alidi chomwe akunena. Mu Febuluwale 2014 nyuzipepala ya Observer inatulutsa mafunso omwe ofesala wina anafunsa munthu wotere, mafunso a kuchipinda oti sindingawalembe pano. Boma linalamula kafukufuku, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho khoti la European Union linaletsa mafunso otero, kuyeza anthu, ngakhalenso kulandira makanema a zogonana ngati umboni. Anthu ankaperekadi makanema otero, poti kusimidwa kulibe manyazi. Aderonke Apata wa ku Nigeria anauzidwa m'khoti kuti sangakhale wokonda akazi anzake poti anaberekapo ana. Anamenya nkhondo zaka zoposa khumi asanapatsidwe chitetezo mu 2017. Ndipo kwa zaka zingapo, pa anthu opempha chitetezo pa chifukwa chimenechi, a ku Pakistan ndiwo ankachuluka kuposa a dziko lina lililonse.

Ganizirani zomwe akufunsidwa munthu ngati Zafar. Moyo wake wonse wapulumuka chifukwa chofufuta mapazi: osasunga chithunzi, osasunga kalata, kufufuta uthenga uliwonse pafoni. Lero akumuuza kuti onetsa zithunzi, onetsa makalata. Wokondedwa wake ali kumanda, ndipo chisoni chakecho achifotokoze mwadongosolo, ndi masiku ake, kudzera mwa womasulira yemwe mwina ndi wa kwawo komweko ndipo akumuyang'ana ndi diso lonyansidwa. Akalira kwambiri akuti akunamizira, akapanda kulira akuti sizinamukhudze. Kuyankha mafunso a ofesala nakonso ndi sewero, lokhala ndi woonera mmodzi yemwe ali ndi mphamvu yokukweza ndege. N'chifukwa chake nkhaniyi imakhala bwino pabwalo la zisudzo kuposa m'nyuzipepala. Woonera amadzipeza atakhala pampando wa ofesala uja, akuyeza ngati misozi ya munthu ili yeniyeni.

Nyengo yomwe seweroli linatuluka inawonjezera mchere pabala. Mu Epulo 2022 boma la Boris Johnson linali litalengeza zoti ena opempha chitetezo azitumizidwa ku Rwanda, ndipo ndege yoyamba inalephereka mu Juni khoti la ku Ulaya loona za ufulu litalowererapo. Oonera ankalowa mu Bush Theatre nkhaniyi ili m'kamwa. Ndondomekoyo inadzathetsedwa mu Julayi 2024 boma litasintha.

Pali chomwe ndingalidandaule seweroli ndi ena a mtundu wake. Amaonetsedwa ku London, pamaso pa anthu omwe ambiri ndi ogwirizana nawo kale maganizo. Bambo ake a Zafar sadzagula tikiti. Ndipo pali ngozi yoti woonera atuluke akuganiza kuti kwa amwenye ndi kwa anthu akuda ndi kumdima, ku Ulaya ndiye kowala. Akhtar anayesetsa kutseka mpata umenewo poonetsa kuti London nayo ili ndi mano, kuyambira ku ofesi ya boma mpaka m'mabala momwe khungu la munthu limamuika pamtengo wotsika.

Kwa ife nkhaniyi si yachilendo monga tingafunire. Ndime 153 ndi 156 za malamulo athu a milandu, zomwe zimalanga amuna ogonana okhaokha, ndi mphatso ya atsamunda omwewo, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuzichotsa. Ambiri tikukumbukira Disembala 2009, pomwe Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anamangidwa ku Blantyre. Chomwe chinawagwiritsa sichinali chinthu chochokera kunja ayi, chinali chinkhoswe, mwambo wathu womwe, wochitika poyera anthu akuonerera. Mu Meyi 2010 anagamulidwa zaka 14, ndipo patangopita masiku ochepa Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon, yemwe panthawiyo anali mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations. Awiriwo anasiyana posakhalitsa. Tiwonge, wodziwika kuti Aunt Tiwo, yemwe nthawi yonseyi ankanena kuti iye ndi mkazi, anadzapita ku South Africa n'kukakhala ku Cape Town ngati wothawa kwawo. Chigamulo cha HJ ndi HT chinatuluka ku London patangotha milungu isanu ndi theka chitulukireni awiriwa m'ndende.