Harpers Ferry ndi Mkangano wa John Brown

Pamene mtsinje wa Shenandoah umathira mu Potomac, pakati pa mapiri a nkhalango zowirira, pali katauni kotchedwa Harpers Ferry. Lero kali m'chigawo cha West Virginia ndipo okhalamo sakwana 300, koma alendo sadukiza. Ena amabwera kudzakwera mapiri, poti njira yotchuka ya oyenda pansi ya Appalachian Trail imadutsa m'katauni komweko. Ambiri amabwera chifukwa cha zimene zinayamba usiku wa pa 16 Okutobala 1859, nkhani imene anthu a ku America sanamvanepo mpaka lero.

Dzinali linachokera kwa Robert Harper, yemwe ankawolotsa anthu pa pantoni pamalopo m'zaka za m'ma 1700. Thomas Jefferson, yemwe anadzakhala pulezidenti wa America, atafikapo mu 1783 anati kukongola kwa malowa n'kokwanira kuwolokera nyanja ya Atlantic. George Washington, pulezidenti woyamba wa dzikolo, anaona china: madzi othamanga oyendetsera makina. Iyeyo ndi amene anasankha kuti boma limangepo fakitale ya mfuti, ndipo pakati pa 1801 ndi 1861 fakitaleyo inapanga mfuti zoposa 600,000. Njanji ya Baltimore and Ohio itafika m'ma 1830, katauniko kanasanduka chipata cholowera kumwera. Nthawi imeneyo malowa anali mbali ya Virginia, chigawo chimene chinali ndi akapolo ochuluka kuposa china chilichonse. M'dziko lonse akapolo anali pafupifupi 4 miliyoni.

John Brown anabadwa mu 1800 ku Torrington, m'chigawo cha Connecticut. Anali mzungu, mwana wa mmisiri wofufuta zikopa, wopemphera kwambiri, bambo wa ana 20, ndipo malonda alionse amene anayesa anamugwera. Kuyambira ali mwana anaphunzira kwa bambo ake kuti kusunga munthu ngati kapolo ndi tchimo. Azungu oganiza chomwecho analipo ambiri kumpoto kwa dzikolo, kumene zigawo zinali zitathetsa ukapolo, koma ambiri a iwo ankalemba m'nyuzipepala ndi kulalikira, akuyembekeza kuti mitima ya eni akapolo idzafewa. Mitimayo sinafewe. Lamulo la mu 1850 linakakamiza anthu a kumpoto kuthandiza kugwira akapolo othawa. Lamulo la mu 1854 linati okhala ku Kansas asankhe okha ngati akufuna ukapolo, ndipo mbali zonse ziwiri zinathamangirako ndi mfuti. Mu 1857 khoti lalikulu, pa mlandu wa Dred Scott, linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika ya dzikolo. Makomo onse a mtendere ankatsekeka limodzi ndi limodzi.

Ku Kansas n'kumene manja a Brown anadetsedwa ndi magazi, ndipo aliyense womuyamikira asalumphe pamenepa. Mu Meyi 1856, okonda ukapolo atangowononga Lawrence, tauni ya odana ndi ukapolo, Brown ndi kagulu kake anapita usiku m'mbali mwa kamtsinje ka Pottawatomie, natulutsa amuna 5 m'nyumba zawo ndi kuwatema ndi malupanga. Atatu mwa iwo anali bambo ndi ana ake awiri. Anthuwo anali a mbali yofuna ukapolo, koma sanaphedwe pankhondo. Anawadzutsa kutulo, mabanja awo ali pomwepo.

Cholinga chake pa Harpers Ferry chinali chachikulu. Ankafuna kulanda nkhokwe ya zida, momwe munali mfuti pafupifupi 100,000, kugawira akapolo a m'minda yoyandikana, kenako kulowa m'mapiri ndi kumatsika nawo chakumwera, akumasula anthu munda ndi munda mpaka ukapolo utasowa poimira. Anthu 6 odziwika a kumpoto ankamupatsa ndalama mobisa. Harriet Tubman, mayi wothawa ukapolo amene ankathawitsanso akapolo ena, anamuthandiza kufunafuna anthu. Mu Julayi 1859 anachita lendi famu ina ku Maryland m'dzina labodza la Isaac Smith, nabisamo mfuti ndi mikondo pafupifupi 950 imene anasulitsa kwa wosula wina wa ku Connecticut, poganiza kuti akapolo ambiri sanagwirepo mfuti. Mu Ogasiti anakumana ndi Frederick Douglass pa malo okumba miyala pafupi ndi Chambersburg. Douglass, yemwe anathawa yekha ukapolo ndipo ankawadziwa bwino eni akapolo, anamuuza mosabisa kuti akukalowa mumsampha ndipo sadzatulukamo wamoyo. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma Brown sanamve. Douglass anabwerera, mnzake amene anabwera naye, Shields Green, nayenso wothawa ukapolo, anasankha kutsala ndi nkhalambayo.

Gulu lonse linali la anthu 22, akuda 5 mwa iwo. Atatu anatsala pa famu. Enawo anawoloka mlatho usiku wa Lamulungu, nadula mawaya otumizira mauthenga, nalanda fakitale ndi nkhokwe popanda vuto, poti mlonda anali mmodzi. Anagwira anthu angapo ngati chikole, kuphatikizapo Lewis Washington wa m'banja la George Washington. Kenako zinthu zinayamba kusokonekera. Munthu woyamba amene gulu la Brown linamuwombera n'kudzafa anali Heyward Shepherd, wakuda, mfulu, wonyamula katundu pa siteshoni, yemwe anatuluka kukaona chimene chikuchitika pa mlatho. Sitima imene anaimitsa usikuwo, Brown anailola kupitiriza ulendo m'mamawa, ndipo inafalitsa uthenga. Khamu la akapolo limene ankayembekeza silinabwere. Ambiri sanadziwe n'komwe kuti kwachitika chiyani. Amene anabwera anali azungu a mfuti ochokera m'matauni ozungulira.

Woyamba kufa m'gulu la Brown anali Dangerfield Newby, ndipo kwa ine nkhani yake ndi imene imalongosola usiku umenewo koposa maulaliki onse a Brown. Newby anabadwa kapolo, n'kudzamasulidwa, koma mkazi wake Harriet ndi ana awo anatsala m'manja mwa mwini wawo ku Virginia. Anagwira ntchito, nasonkhanitsa ndalama kuti awawombole, koma malondawo sanatheke. Makalata a Harriet anapezeka pambuyo pa chiwembucho ndipo alipobe. M'makalatamo mayiyo ankachonderera mwamuna wake kuti abwere msanga adzamugule, chifukwa mbuye wake akusowa ndalama, ndipo akachedwa wina adzamugula. Taganizani mwamuna akuwerenga mawu amenewo, atayesa njira yovomerezeka n'kukanika. Kodi akanapita ku khoti liti, pamene khoti lalikulu linali litanena kale kuti iye si nzika? Newby anawomberedwa pakhosi mumsewu, anthu olusa anadula makutu a mtembo wake kuti akasunge, ndipo Harriet anagulitsidwa ku Louisiana.

Pofika Lolemba madzulo, otsalawo anali atadzitsekera m'kanyumba ka njerwa kosungiramo zozimitsira moto. M'mawa wa pa 18 Okutobala asilikali ochokera ku Washington, motsogozedwa ndi Robert E. Lee, anathyola chitseko. Zonse zinatha m'maola 36. Anthu 10 a Brown anafa, kuphatikizapo ana ake Watson ndi Oliver, 5 anathawa, 7 ananyongedwa. Meya wa tauniyo, Fontaine Beckham, nayenso anali m'gulu la ophedwa.

Kunena zoona, ngati mkulu wa nkhondo Brown analephera kotheratu. Chimene chinasintha mbiri ndi masabata 6 otsatira. Anamuzenga mlandu ku Charles Town ali chigonere pa machira chifukwa cha mabala, namupeza wolakwa pa kupha, kuukira boma la Virginia ndi kulimbikitsa akapolo kuukira. Omuimira pamlandu anafuna kunena kuti ndi wamisala, iye anakana. Anauza khoti kuti akanachita zomwezo pothandiza olemera ndi amphamvu, onse akanamuyamikira. Makalata ake a m'ndende anasindikizidwa m'nyuzipepala za kumpoto. Ananyongedwa pa 2 Disembala 1859, atasiya kapepala konena kuti machimo a dzikolo sadzachotsedwa popanda magazi. Tsiku limenelo mabelu a matchalitchi ambiri a kumpoto analira, ndipo kulira kwa mabelu kumeneko kunaopsa a kumwera kuposa mikondo ija. Pakati pa oonerera kunyongedwako panali John Wilkes Booth, yemwe anadzapha Abraham Lincoln mu 1865.

Lincoln yemweyo anadzipatula kwa Brown pofuna mavoti, koma a kumwera sanamukhulupirire. Lincoln atasankhidwa kukhala pulezidenti mu Novembala 1860, chigawo cha kumwera cha South Carolina chinachoka mu mgwirizano wa zigawo za America, ndipo mu Epulo 1861 nkhondo yapachiweniweni inabuka. Inapha anthu oposa 600,000. Harpers Ferry inalandidwa maulendo 8, fakitale ya mfuti inawonongeka ndipo sinamangidwenso. Lee, yemwe anagwira Brown chifukwa choukira, anadzatsogolera yekha asilikali oukira boma la dziko lonse, koma iye sananyongedwe, ndipo zipilala zake zinaima m'mizinda ya kumwera kwa zaka zoposa 100. Ndikamva wina akutchula Brown kuti wamisala kapena chigawenga, ndimavomereza za Pottawatomie, koma ndimafunsa chifukwa chake kuwerenga magazi kumayambira pa usiku wa Brown, ngati kuti chikwapu, kugwirira amayi ndi kugulitsa ana kwa zaka zoposa 240 zinali mtendere.

Nkhondo itatha, akuda ndi amene anasamala malowa. Mu 1867 panatsegulidwa Storer College, sukulu yophunzitsa omasulidwa kumene. Mu 1881 Douglass analankhula pamenepo poyamikira Brown, ndipo Andrew Hunter, loya wa boma amene anamunyongetsa, anakhala pa nsanja yomweyo namugwira chanza Douglass atamaliza. Kanyumba ka njerwa kaja kanayendayenda: kanaphwasulidwa ndi kutengeredwa ku Chicago mu 1891 kuti anthu azilipira pokaona, koma oonerera sanabwere, kanabwezedwa mu 1895 n'kumangidwa pa famu ina kunja kwa tauni. Pa famu imeneyo mu Ogasiti 1906 W.E.B. Du Bois, mlembi wakuda, ndi anzake a Niagara Movement, gulu limene linatsegula njira ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa akuda, anayenda m'mamawa navula nsapato poyandikira kanyumbako. Mu 1909 kanasamukira ku Storer, ndipo mu 1968 kanabwerera kumunsi, mamita ochepa kuchokera pamalo pake penipeni.

Ife a ku Africa nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Nnamdi Azikiwe, pulezidenti woyamba wa Nigeria, anayambira maphunziro ake a ku America pa Storer mu 1925, kanyumbako kali pabwalo la sukuluyo. Ndipo John Chilembwe, atapita ndi Joseph Booth mu 1897, anaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo chomwecho cha Virginia chimene chinanyonga Brown zaka 38 m'mbuyomo, pakati pa akuda amene makolo awo kapena iwo eni anali akapolo. George Mwase, polemba za Chilembwe m'ma 1930, anati mbusayo anatchula dzina la John Brown polimbikitsa anthu ake. Mu Januwale 1915 anthu a Chilembwe nawonso anapita kukathyola nkhokwe ya zida, ya ku Mandala ku Blantyre, ndipo nawonso anayembekeza khamu limene silinabwere. Atsamunda anamutcha chigawenga. Ife tinaika nkhope yake pa ndalama. America sinafike pogwirizana chotero za Brown.

Umboni wake ndi mwala umodzi. Mu Okutobala 1931 mabungwe a ana a asilikali a kumwera, United Daughters of the Confederacy ndi Sons of Confederate Veterans, anaimika chipilala cha Heyward Shepherd m'taunimo. Mawu olembedwapo amamusandutsa chitsanzo cha akuda okhulupirika amene sanaukire ambuye awo. Koma Shepherd sanali kapolo wa munthu, ndipo sanafe poteteza ukapolo. Anali wantchito wa pa njanji amene anatuluka usiku kukaona phokoso. Imfa yake ndi mlandu weniweni wa gulu la Brown, ndipo anayenera kukumbukiridwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti anamukumbukira pofuna kunena kuti akapolo ankakhutira ndi ukapolo wawo. Pa mwambowo, kwaya ya Storer isanayimbe, mphunzitsi wa nyimbo Pearl Tatten anaimirira mosayembekezeka nauza khamulo kuti iye ndi mwana wa msilikali wa kumpoto amene anamenyera ufulu wa anthu ake, ndipo amene anayamba nkhondo ya ufuluwo ndi John Brown.

Chaka chotsatira Du Bois ndi NAACP anabweretsa chikwangwani chawo chachitsulo choyamikira Brown, koma akuluakulu a sukuluyo, motsogozedwa ndi mzungu Henry McDonald, anakana kuti chikhomedwe poopa kukwiyitsa azungu. Storer inatsekedwa mu 1955. Boma litatenga malowa kukhala paki yosungira mbiri, linasowa chochita ndi mwala wa Shepherd: linauchotsa pokonza nyumba, n'kuubwezera utakutidwa ndi matabwa, ndipo unakhala chokutidwa mpaka 1995. Pouvundukula anaika pambali pake chikwangwani chofotokoza amene anauimika ndi zifukwa zawo, zimene zinakwiyitsa mabungwe a kumwera aja, pamene a NAACP ankafuna kuti mwalawo uchotsedwe. Mawu a Du Bois amene anakanidwa mu 1932 anaikidwa pabwalo la Storer mu 2006, patapita zaka 74.