Kukhalira Limodzi Zaka 7 ku America Sikukupangitsani Kukhala Banja

Pali mphekesera yoti ku America, mwamuna ndi mkazi akakhalira limodzi zaka 7, lamulo limawatenga ngati okwatirana. Ndi bodza. Malamulo a banja kumeneko amapangidwa ndi chigawo chilichonse pachokha, ndipo palibe chigawo chomwe chili ndi lamulo la zaka 7.

Ku chigawo cha New York ukwati wongolowana anauthetsa mu 1933. Kumeneko mungakhale zaka 30 nyumba imodzi, koma popanda kumanga ukwati mwalamulo, mnzanu akamwalira osasiya wilo, simulowa m'gulu la olandira chuma chake.

Texas ndi yosiyana. Imavomereza ukwati wotere, osawerengera zaka, koma pakhale zinthu zitatu: munagwirizana kuti ndinu banja, mumakhala limodzi mu Texas momwemo, ndipo mumauza anthu kuti ndinu okwatirana. Nonse mukhale a zaka 18 kapena kuposa. Apa ndi pomwe ambiri amagwa: mukasiyana n'kutha zaka 2 osapita kukhoti, khoti limayamba ndi ganizo loti mgwirizanowo kunalibe.

Amalawi amasokonezeka chifukwa kwathu lamulo la mabanja la 2015 limatchula zaka 5 zokhalira limodzi, komabe khoti ndilo limatsimikiza ngati ndinu banja.