Manyazi sanamuphe Hester Prynne

Ambiri amati buku la Nathaniel Hawthorne la 1850, The Scarlet Letter, limaonetsa kuti kuchititsidwa manyazi pagulu kumam'maliza wochimwa. Zimenezo si zoona. M'nkhani ya m'bukuli, akuluakulu a ku Boston, ku America, anamuveka mayi wina dzina lake Hester Prynne chilembo chofiira cha A pachifuwa chifukwa chobereka mwana wapathengo, koma iye anachipeta mwaluso ndi ulusi wagolide. Patatha zaka 7 akusamalira odwala ndi osauka, anthu anayamba kunena kuti A uja akuimira "Able", ndiye kuti mkazi wotha zinthu.

Amene anadyeka mumtima ndi M'busa Dimmesdale, bambo wa mwanayo, yemwe mpingo unkamuona ngati woyera mtima. Ankadzikwapula mobisa, kusala kudya, osagona usiku, mpaka anafera pansanja yomwe Hester ananyozedwerapo, atangoulula tchimo lake.