Mwana wachedwa kukhala kapena kuyenda: kodi ndi autism?

Kodi pali msinkhu woikika woti mwana akhale, akwawe kapena ayende?

Palibe tsiku lenileni, ana amasiyana. Mu 2006 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa zomwe lidapeza pa ana a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America: amayamba kukhala okha ali ndi miyezi 4 mpaka 9, kukwawa 5 mpaka 13, kuyenda 8 mpaka 18. Pafupifupi ana 4 mwa 100 alionse sakwawa n'komwe, ena amangodzikoka ndi matako kenako n'kudzuka kuyenda. Wobadwa masiku osakwana muzimuchotsera nthawi imene idatsala mpaka akwanitse zaka ziwiri. Ngati adabadwa kutatsala miyezi iwiri, pa miyezi 8 muwerengereni 6.

Ndiye kuchedwa ndi chizindikiro cha autism?

Pakokha ayi. Autism ndi vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza momwe mwana amalankhulira ndi kuchezera ndi anthu. Ana ambiri a autism amachedwadi kulimba khosi kapena amakhala olobodoka thupi, koma izi zimaonekanso pa mavuto ena, ngakhalenso pa ana abwinobwino. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi momwe mwana akuchezera ndi anthu. Kodi amacheuka mukamutchula dzina pofika chaka? Amakuyang'anani m'maso? Pofika miyezi 18, amaloza chinthu ndi chala kuti nanunso muchione? Kulozako n'kofunika kwambiri, chifukwa mwana akufuna kugawana nanu chomwe wachiona, osati kungopempha.

Amayezedwa liti?

Bungwe la madokotala a ana la ku America limalangiza kuti mwana aliyense aunikidwe za autism pa miyezi 18 ndi 24. Madokotala ambiri amagwiritsa ntchito M-CHAT-R, mafunso 20 amene kholo limayankha. Mafunsowa sanena kuti mwana ali ndi autism, amangosonyeza woyenera kuonedwa ndi katswiri. Ngati mkulu wake ali ndi autism, nenani msanga, chifukwa pafupifupi mng'ono mmodzi mwa asanu amapezekanso nayo.

Nanga ADHD?

ADHD, vuto la kusakhazikika ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, siipezeka pa khanda. Madokotala amayamba kuiyeza mwana akakwanitsa zaka 4. Wa chaka chimodzi wosakhazikika nthawi zambiri ndi mwana chabe.

Ndi zizindikiro ziti zosafunika kudikira?

Mutu wogwerabe kumbuyo pa miyezi 6 mukamudzutsa pomugwira manja. Kugwiritsa dzanja limodzi lokha asanathe chaka, linalo atalikunga chibakera, kapena miyendo youma yopingasana: apa madokotala amaganizira cerebral palsy, vuto la mu ubongo limene limasokoneza kayendedwe ka thupi. Osayenda pa miyezi 18. Ndipo akasiya chomwe ankachita kale, kaya mawu, kumwetulira kapena kukhala, pitani naye kuchipatala sabata yomweyo.