Tchalitchi chakale cha pa nthambi n'cholowa choyenera kusamalidwa

M'maparishi ambiri a Chikatolika m'Malawi muno, akhristu akachuluka moti ena n'kumamvera Misa ali panja, komiti ya tchalitchi imayamba kusonkhetsa ndalama zomangira china chachikulu. Za chakalecho amagwirizana mwachangu kuti chigwetsedwe, njerwa zake zikathandize pa maziko a chatsopano. Ife ogwira ntchito yosamala nyumba zakale timadandaula nacho chigamulo chotere, chifukwa chimene chimagwa pamenepo ndi umboni wa momwe mpingo unamerera pamalopo.

Ambiri amaganiza kuti cholowa ndi nyumba zotchuka zokha, monga tchalitchi cha CCAP cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe anthu akuno anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, kapena mishoni za ku Nzama ndi ku Mua, zomwe ansembe a Montfort ndi a White Fathers anatsegula mu 1901 ndi 1902. Malo amenewa ali ndi owasamala, ndipo ku Mua alendo amabwera kudzaona zosema za ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso a pamishonipo. Koma tchalitchi cha pa nthambi, chomwe chili kuseri kwa msika pa kamtauni kakumudzi, chilibe woyankhulira ngakhale kuti mbiri yake ndi ya eni dera enieniwo.

Mbiriyo ili ndi gwero lodziwika. Pakati pa 1973 ndi 1975, Ambuye Patrick Kalilombe, omwe anali episkopi wa Lilongwe, anatsogolera zokambirana zomwe zinakhazikitsa miphakati (timagulu ta akhristu okhala moyandikana) m'dayosiziyo, ndipo mfundo yaikulu inali yoti mpingo uzidzitumikira ndi kudzidalira m'malo moyembekezera thandizo lochokera kunja. Matchalitchi ambiri a pa nthambi ndi chipatso cha mzimu umenewu. Mphakati uliwonse unkapatsidwa chiwerengero chake cha njerwa; amuna ankaponda dothi, kuumba ndi chikombole ndi kuchezera pa uvuni, amayi ankatunga madzi ndi kututa mchenga kumtsinje, ndipo malata ankagulidwa pang'onopang'ono ndi ndalama za mtedza, fodya kapena chimanga. N'chifukwa chake njerwa za khoma limodzi zimasiyana kukula ndi kapsedwe. Mmisiri wa lero angati n'kulakwitsa, koma kwa ife kusiyanako kumaonetsa kuti zinachokera m'mauvuni a midzi yosiyana, ndipo mzere womwe njerwa zasintha mtundu umasonyeza pomwe ntchito inaima kudikira zokolola.

Poyeza kufunika kwa nyumba yotere sitiyang'ana zaka zokha. Timafunsa kuti anaimanga ndani, ndi luso lotani, ndiponso kuti anthu akuiona bwanji lero. Funso lomalizali ndilo lolemera, pakuti m'menemo ndimo mabanja a m'deralo anabatizira ana, kumanga maukwati ndi kutsanzikana ndi omwalira, ndipo kawirikawiri ndimo munayambira sukulu ya pamudzipo.

Kugwetsa si njira yokhayo yomwe nyumbazi zimaonongekera. Zambiri zimaonongeka ndi kukonza kwa anthu a mtima wabwino. Khoma lomangidwa ndi matope kapena laimu limamwa chinyontho m'dzinja n'kuchitulutsa m'chilimwe. Mukalikuta ndi pulasitala ya simenti yolimba, chinyonthocho chimasowa potulukira, njerwa zimafumbwa mkati, ndipo pakapita zaka pulasitalayo imagwa itanyamula nkhope ya njerwazo. Lamulo lathu ndi lokonza ndi zipangizo zofanana ndi zoyambazo, ndi kusintha pokhapokha paonongeka. Ndalama zochepa zomwe zilipo ziyambe zapita ku denga lodontha, ku ngalande zochotsa madzi m'mphepete mwa maziko, ndi ku mitanda yomwe chiswe chalowa, chifukwa madzi ndi chiswe ndizo zimagwetsa makoma. Penti ndi matailosi zingathe kudikira.

Sindikunena kuti akhristu azipanikizana pofuna kusunga makoma. Tchalitchi chatsopano chimangidwe pambali, ndipo chakalecho chikhale cha Misa za mkati mwa sabata, maphunziro a katekisimu, kwaya kapena misonkhano ya miphakati, pakuti nyumba yogwiritsidwa ntchito ndiyo imasesedwa ndi kuonedwa ikayamba kudontha. Komiti isanagamule chilichonse, ikambirane ndi bambo mfumu ndi akuluakulu a dayosizi, ndipo ifunse uphungu ku nthambi ya boma yoyang'anira zinthu zakale, yomwe imagwira ntchito motsatira lamulo la Monuments and Relics Act.

Pali ntchito ina yosafuna ndalama koma yofunika changu. Amene anaumba njerwa m'zaka za m'ma 1970 tsopano ndi okalamba. Achinyamata a pa nthambi akhale nawo pansi, awajambule mawu pa foni, alembe dzina la mmisiri, la katekisiti wa nthawiyo ndi la mfumu yomwe inapereka malo, ajambulenso zithunzi za nyumbayo mbali zonse. Zolembazo zisungidwe ku parishi pamodzi ndi mabuku a ubatizo, ndipo zina zitumizidwe ku dayosizi.