Bainokyula Yotembenuza Sikuti Imangochepetsa Zinthu

Ambiri amakhulupirira kuti ukasuzumira bainokyula chotembenuza, zonse zimaoneka zazing'ono. Zimatero ndi zinthu zakutali zokha: pa bainokyula ya 8x42, yomwe imakulitsa zinthu ka 8, mukaitembenuza, munthu amene waima pa mamita 10 amaoneka ngati ali pa mamita 80.

Koma tengani tsamba la mtengo. Pindani kamphira kozungulira galasi laling'ono la bainokyula (lomwe mumaikapo diso nthawi zonse), tsinzinani diso limodzi, suzumirani ku galasi lalikulu, kenako sendezani tsambalo pang'onopang'ono mpaka litsale sentimita 1 kapena 2 kuti ligunde galasi laling'onolo. Timitsempha take timaoneka tokula bwino, chifukwa galasi laling'onolo ndi lamphamvu ndipo pamenepa likugwira ntchito ngati la maikulosikopu. Kukachita mdima, mwatchinga kuwala: sunthirani powala, koma osaloza kudzuwa, lingakuwonongeni maso. Dzanja likanjenjemera, chithunzi chimasokonekera, choncho tsamiritsani chigongono patebulo.