Mphekesera za nyama ya mu labu zisakudyetseni nyama yofa yokha

Pa WhatsApp pakuyenda mauthenga akuti nyama ina ya m'mabutchala ndi yopangidwa mu labu. Anthu ena atamva zimenezi asiya nyama yoyezedwa, akukagula ya ng'ombe kapena mbuzi yofa yokha kumudzi, ati chifukwa ndi yachilengedwe. Apa ndiye pali ngozi yeniyeni.

Nyama ya mu labu ilipodi. Akatswiri amatenga maselo (tizigawo ting'onoting'ono kwambiri timene timapanga thupi) ochepa a nkhuku kapena ng'ombe, n'kuwaika m'matanki achitsulo momwe muli madzi osakaniza ndi shuga, mavitamini ndi zina, maselowo n'kumachulukana mpaka kukhala mnofu. Woyamba kuionetsa poyera anali Mark Post wa ku yunivesite ya Maastricht, mu 2013 ku London, ndipo kachidutswa kamodzi kanadya ndalama zoposa madola 300,000. Dziko la Singapore linavomereza kuti izigulitsidwa mu 2020, America mu 2023, pomwe Italy inailetsa chaka chomwecho. Chimene akatswiri akuivutikira n'chakuti anthu padziko lapansi anakwana 8 biliyoni mu 2022 ndipo akuyembekezeka kuyandikira 10 biliyoni pofika 2050, pamene msipu ndi madzi zikucheperachepera. Koma kuipanga kukadali kodula zedi, moti ngakhale kumaiko ovomerezawo imapezeka pang'ono kwambiri. Ndiye ingapezeke bwanji pachiwaya cha kanyenya pamsika wathu? Siili m'butchala iliyonse kuno kwathu.

Ngozi imene ili pakati pathu ndi anthrax, matenda a ziweto ndi nyama zakuthengo amene amagwiranso anthu. Mu 2018 mvuu zambiri zinafa ndi matendawa mumtsinje wa Shire ku Liwonde. Mu 2023 anavuta ku Zambia, makamaka m'boma la Sinazongwe, ndipo kuno anapezeka mwa munthu ku Mzimba. Anthu ambiri amawatenga posenda, kudula, kunyamula kapena kudya nyama ya chiweto chimene chafa chokha.

Tikudziwa kuti ng'ombe ndi chuma, ndipo kuikwirira yonse n'kowawa. Tamvanso anthu akunena kuti "tikaiphika kwambiri zonse zifa" kapena "makolo athu ankadya osadwala". Chonde mvetsetsani: amene wasenda chikopa akhoza kukhala atatenga kale tizilombo toyambitsa matendawa m'manja mphika usanafike pamoto. Kuyanika kapena kuthira mchere sikupha tizilomboti, ndipo magazi akatayikira pansi timakhala m'nthaka zaka zambiri.

Chiweto chikafa mwadzidzidzi, chikutupa msanga, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, musachitumbule. Musachigawane pamudzi, musapatse agalu, musagulitse ngakhale chikopa. Itanani mlangizi wa ziweto kuti akuthandizeni kuchiwotcha kapena kuchikwirira m'dzenje lakuya. Ngakhale zizindikirozi palibe, nyama yofa yokha musadye.

Mwa munthu, matendawa amayamba ngati kachiphuphu koyabwa pamanja, pankhope kapena pakhosi, kenako kamasanduka chilonda chakuda pakati, nthawi zambiri chosapweteka. Kusapwetekako n'kumene kumachedwetsa anthu kupita kuchipatala. Amene wadya amatentha thupi, kusanza, kumva kupweteka kwambiri m'mimba ndi kutsegula m'mimba, mwina mwa magazi. Musadikire kuti muone mawa, musapake phulusa kapena mankhwala azitsamba pachilondapo. Mankhwala alipo ndipo amachiza munthu akafika msanga. Muuzeni dokotala zoona zokhazokha, kuti munagwira kapena kudya nyama yotani, ndipo mubwere ndi onse amene munadya nawo.

Pogula nyama, funsani kumene chiweto chinaphedwera ndipo onani chidindo cha oyeza nyama. Nyama yotchipa modabwitsa yobwera usiku m'thumba, isiyeni. Baitsani katemera ziweto zanu, ndipo uthenga wa nyama ya mu labu ukakufikani pafoni, musautumize kwa ena; funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.